Walira Mvula Walira Matope: Kumanga Benchi ndi Kabati pa Chipupa Chogwira Dothi ku Shamva

Mwezi wa Januwale ukafika m'chigwa cha Mazowe, mitambo imayamba kusonkhana dzuwa likangopendeka. Pofika madzulo mvula imakhuthuka, ndipo m'makomboni a m'mafamu ozungulira tawuni ya Shamva madzi ofiira amatsetsereka kuchokera m'mapiri, kudutsa m'mabwalo, mpaka kukaima pakhomo la nyumba. Kukacha, ntchito yoyamba ya amayi ndi ana imakhala kufukula makasu, ndowa ndi mapoto m'matope amene madzi asiya pakhonde.

Njira yodziwika yotetezera bwalo la pamalo otsetsereka ndi kumanga chipupa chachifupi cha miyala kapena njerwa choti chigwire dothi la kumtunda. Chipupa chotere chikangofika m'mawondo, anthu sachedwa kuchisandutsa pokhala. Agogo amaotherapo dzuwa, ana amalemberapo ntchito ya kusukulu, alendo amalonjeredwa pomwepo. Pakapita nthawi pamabwera ganizo lina: popeza nyumba za m'komboni n'zachipinda chimodzi kapena ziwiri, bwanji osasiya mphako kunsi kwa benchiyo kuti muzisungidwa zipangizo? Ganizoli ndi labwino, koma kudera la mvula yambiri lili ndi msampha. Kabati yomangidwa mosasamala imasanduka chitsime, makasu amachita dzimbiri, ndipo nthawi zina chipupa chomwe chimagwa.

Anthu ake ndi malo ake

Tawuni ya Shamva ili m'chigawo cha Mashonaland Central, pamtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare. Imadziwika ndi mgodi wa golide komanso mafamu a chimanga, fodya, thonje ndi soya. M'nthawi ya atsamunda migodi ndi mafamuwa ankakoka anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ena anayenda wapansi kudzera ku Tete, ena anabwera kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito limene ku Nyasaland ankalitcha Mthandizi. Ambiri sanabwerere kwawo. Zidzukulu zawo n'zimene zasunga Chichewa ndi Gule Wamkulu m'makomboni a kuno, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Chaka cha 2000 chisanafike, anthu oposa 300,000 ankagwira ntchito m'mafamu akuluakulu a m'dzikoli. Kugawidwa kwa malo kumene kunayamba chaka chimenecho kunasintha moyo wawo. Ambiri ntchito inawathera, ochepa ndiwo analandira minda, ndipo ena anatsala m'nyumba zakale za m'komboni pa malo amene tsopano ali m'manja mwa eni ake atsopano. Nyumba zimene kale ankakonza ndi mwini famu zinatsala m'manja mwa okhalamo. Ngalande zinakwiririka, mabwalo anakokoloka. Kwa banja lopeza chakudya kudzera m'maganyu ndi kadimba, khasu limodzi ndi kheni yothirira mbewu ndi chuma chenicheni, choncho funso la posungira zinthuzi si laling'ono.

Mdani wa chipupa ndi madzi

Akatswiri a ulimi akhala akuwerengera dera la mafamu a Shamva m'chigawo cholandira mvula ya pakati pa mamilimita 750 ndi 1,000 pachaka, ndipo pafupifupi yonseyo imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Chimene chimagwetsa zipupa si kuchuluka kwa mvula ya chaka chonse, koma mvula yamphamvu yogwa m'maola ochepa. Milimita imodzi ya mvula pa malo otalika mita imodzi mbali zonse ndi lita imodzi ya madzi. Ndiye kuti denga la mamita 6 mulitali ndi mamita 5 mulifupi limakhetsa malita 1,500 pa mvula ya mamilimita 50, madzi odzaza migolo yoposa isanu ndi iwiri ya malita 200. Ngati madzi onsewo akugwera kuseri kwa chipupa, chipupacho chili pachiswe.

Dothi louma limakankha chipupa, koma lonyowa limakankha koposa. Pa chipupa chotalika mita imodzi, dothi louma limakankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 300 pa mita iliyonse ya chipupacho. Dothi lomwelo likakhuta madzi osowa potulukira, mphamvuyo imapitirira makilogalamu 600. Chinanso n'chakuti chipupa chikatalika kuwirikiza kawiri, mphamvu yochikankha imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake amisiri odziwa ntchito amalangiza kuti chipupa chomangidwa ndi anthu wamba chisapitirire mita imodzi. Pamalo otsetsereka kwambiri ndi bwino kumanga zipupa ziwiri zazifupi zotalikirana ngati masitepe kusiyana ndi chimodzi chachitali. Chopitirira pamenepo chimafuna injiniya.

Anthu a m'chigawo chino cha Africa aona kale zimene dothi lokhuta madzi limachita. Namondwe wa Idai mu Malichi 2019 anagumula mapiri ku Chimanimani, ndipo wa Freddy mu Malichi 2023 anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Chipupa cha pabwalo sichingaletse ngozi yaikulu chotero, komabe chimene chimachitika kuseri kwake n'chomwecho: madzi akasowa njira, amadzipangira yawo.

Phunziro la miyala ya makolo

Luso lomanga zipupa zogwira dothi si lachilendo ku Zimbabwe. Ku Khami, pafupi ndi Bulawayo, nyumba za mafumu zinkamangidwa pa nsanja za dothi zogwiridwa ndi zipupa za miyala. Kumapiri a Nyanga, makamaka ku Ziwa, alimi a zaka mazana angapo zapitazo anasanja miyala m'mizere yopingasa mapiri kuti azilima pamalo otsetsereka, ndipo mizereyo ikuonekabe. Ku Great Zimbabwe amisiri anasiya timipata patsinde pa makoma kuti madzi a mvula azituluka. Zonsezi anamanga popanda simenti. Chipupa cha miyala yongosanja chili ndi ubwino wakuti madzi amadutsa m'mipata yake, choncho sadzadza kuseri. Chipupa cha njerwa ndi simenti chimaoneka chaudongo, koma chimatseka madzi ngati damu pokhapokha mmisiri atachisiyira potulukira.

Chipupa choyamba, kabati pambuyo

Ntchito iyambire kumtunda. Pamwamba pa malo omangapo pakumbidwe ngalande yopatutsa madzi a m'phiri ndi a padenga kuti apite kudimba, kumitengo ya zipatso kapena m'dzenje lomwetsera madzi pansi. M'mphepete mwa ngalandeyo mubzalidwe udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kumanga dothi. Alangizi a Agritex angathandize kuyeza katsetserekedwe ka malo kuti ngalande isasanduke chigwembe, ndiponso kuti madzi asathamangitsidwire pakhomo la mnansi.

Maziko akumbidwe mpaka pa dothi lolimba, masentimita osachepera 20 mpaka 30, ndipo dothi lakuda la pamwamba lichotsedwe lonse. Chipupa cha miyala yongosanja chikhale chotambalala patsinde, osachepera theka la msinkhu wake, ndipo chipendekere kumtunda ndi masentimita pafupifupi 15 pa mita iliyonse yokwera. Miyala ikuluikulu ikhale pansi, mwala uliwonse utsamire pa miyala iwiri, ndipo apa ndi apo paikidwe mwala wautali wolowa m'dothi kuti umange chipupa ndi mtunda.

Kuseri kwa chipupa chilichonse, kaya cha miyala kaya cha njerwa, kusabwezeredwe dothi la katondo limene linakumbidwa. Kuthiridwe miyala ing'onoing'ono kapena kwale, masentimita 30 mulifupi, kuyambira patsinde mpaka kufupi ndi pamwamba. Pakati pa miyalayo ndi dothi payalidwe masaka akale oluka kuti matope asatseke mipata. Pamwamba penipeni patsekedwe ndi dothi lomata lotsenderedwa bwino, lopendekera kutali ndi chipupa. Ngati chipupa ndi cha simenti, patsinde paikidwe timapaipi ta masentimita 5 kukula kwa kamwa, motalikirana mita imodzi kapena imodzi ndi theka, topendekera kunja. Timapaipi timeneti ndi timene timapulumutsa chipupa mu Febuluwale.

Ku Shamva pali chenjezo lapadera pa nkhani ya mchenga. Milu ya mchenga wotsala pambuyo poyenga golide imaoneka yosalala ndipo imapezeka pafupi, koma ingakhale ndi poizoni wa mankhwala oyengera miyala. Mchenga wotere usagwiritsidwe ntchito pomanga malo okhalapo ana kapena osungirapo ziwiya. Wa kumtsinje, wopanda matope, ndiwo woyenera, ndipo wofuna kutapa wambiri afunse kaye ku khonsolo ya Chaminuka kapena ku ofesi ya EMA, bungwe loona za chilengedwe.

Kabati isakhudze dothi

Cholakwa chachikulu ndi kuboola mphako m'kati mwa chipupa chogwira dothi. Chipupa chimalimbana ndi dothi chifukwa cha kulemera kwake, choncho kuchotsamo miyala n'kuchifooketsa. Komanso khoma la kumbuyo kwa mphakoyo limakhala likuyamwa chinyezi cha m'dothi miyezi isanu yathunthu, ndipo pulasitala kapena penti sizingachiletse mpaka kalekale. Njira yodalirika ndi kumanga benchi yokhala ndi kabati ngati chinthu chapachokha, kutsogolo kwa chipupa. Chipupa chimakhala choyedzamira msana, benchi imakhala pokhala ndi posungira. Ngati chipupa ndi chachifupi kale moti anthu amakhala pamwamba pake, kabati imangidwe kumapeto kwake, kumene dothi latha.

Pakati pa chipupa ndi msana wa kabati pasiyidwe mpata wa masentimita 5 mpaka 10. Pansi pa mpatawo pakhale kangalande ka simenti kotsetserekera mbali imodzi, kotenga madzi otuluka m'timapaipi. Mpatawo usatsekedwe kumapeto, kuti mphepo izidutsa ndiponso kuti munthu athe kulowetsamo ndodo pochotsa zinyalala.

Benchi yokhalika bwino imakhala ya masentimita pafupifupi 45 kuchoka pansi, ndi masentimita 45 mpaka 50 mulifupi. Pansi pa kabati pakwezedwe ndi masentimita 10 mpaka 15 kuposa bwalo, poyala miyala, kenako pepala lakuda la pulasitiki lopanda chiboo, kenako konkire yopendekera pang'ono kuchitseko. Pamwamba pa konkireyo paikidwe timatabwa toyalapo katundu kuti mphepo izidutsa kunsi. Zonsezi zikachotsedwa, malo otsala m'kati ndi a masentimita pafupifupi 25 kukwera. Ndi malo ochepa, koma okwanira makasu, zikwanje, fosholo ndi paipi yothirira. Popeza zipangizozi n'zazitali, chitseko chimodzi chikhale kumapeto kwa benchi kuti zizilowa mogona.

Chivundikiro chotsegukira m'mwamba chimakopa anthu ambiri chifukwa n'chosavuta kupanga, koma kudera la mvula chimagwiritsa mwala. Madzi amalowera m'mahinjesi ndi m'mphepete, ndipo chikakhala cholemera chimatswanya zala za ana. Zitseko za kutsogolo kapena kumapeto n'zabwino, makamaka zikalowa m'kati pang'ono kuti pamwamba pa benchi pazitchinge ngati denga. Pamwambapo pakhale silabu ya konkire ya masentimita 6 kapena 7 yokhala ndi waya m'kati, yotsamira pa zipilala za njerwa zosatalikirana kuposa masentimita 80. Ipendekere kutsogolo ndi sentimita imodzi kapena awiri, ndipo ipitirire khoma ndi masentimita 5. Pothira konkire, mmisiri agoneke chingwe m'chikombole pafupi ndi mphepete. Chingwecho chikachotsedwa chimasiya kamzere kunsi kwa silabu, ndipo madzi akafika pa kamzereko amadontha pansi m'malo motsatira khoma n'kulowa m'kabati.

Muyeso wodziwika wa konkire yotere ndi ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zinayi za kwale. Silabu ithiriridwe madzi ndi kufunditsidwa masaka kwa masiku osachepera 7, ndipo anthu asakhalepo mpaka patapita masabata anayi. Pomaliza, kabati ikhale ndi ziboo ziwiri zolowera mphepo, china kumanja china kumanzere, zotchingidwa ndi sefa ya waya. Kabati yotsekedwa kotheratu imachita thukuta m'kati, ndipo nkhungu imamera ngakhale dontho la mvula lisanalowe.

Zoyenera kusungamo ndi zosayenera

Ngakhale itamangidwa mwaluso chotani, kabati ya panja si nkhokwe. Muyenera zinthu zimene chinyezi pang'ono sichingaziwononge: makasu, nkhwangwa, zikwakwa, makheni, ndowa zovundikira, nsapato za jombo, zingwe, ndi mipira ya ana. Zitsulo zipukutidwe matope ndi kupakidwa mafuta pang'ono zisanaikidwe.

Chimanga, mtedza, ufa ndi mbewu zisalowemo. Chimanga chimasungika bwino chinyontho chake chikakhala pafupi ndi 12.5 pa 100, muyeso umene bungwe la GMB limafuna pogula. Chikaikidwa pafupi ndi dothi lonyowa chimayamwanso chinyezi n'kuchita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Mbewu yonyowa imataya mphamvu ya kumera. Feteleza wobereketsa wa AN amayamwa chinyezi cha mumpweya n'kuumbika kapena kusungunuka, ndipo thumba la simenti limasanduka mwala. Mankhwala ophera tizilombo m'fodya, m'thonje ndi m'masamba asasungidwe pansi pa malo amene ana amakhalapo ndi kudyerapo, ngakhale pakhale loko.

Pali chinthu chinanso chimene mabanja a m'komboni amachidziwa mtengo wake kuposa wina aliyense: mapepala. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique opanda unzika, mpaka malamulo a mu 2013 anazindikira obadwira m'dzikoli. Chiphaso chobadwira, chitupa, khadi ya kusikelo ndi kalata ya malo zikhale m'nyumba, m'pulasitiki, pamalo okwera.

Malo amdima ndi ozizira amakondedwanso ndi njoka, zinkhanira ndi makoswe. Chitseko chikhale chothina bwino, udzu wozungulira uzitchetchedwa, ndipo ana aphunzitsidwe kusapisa dzanja asanayang'ane. Ndowa ziziikidwa mozondotsa chifukwa madzi otsalira masiku ochepa amaswetsa udzudzu, ndipo Shamva ndi dera la malungo. Matabwa asagunde dothi chifukwa cha chiswe. Chitseko chikhale chosadzitsekera chokha, kuopa kuti mwana wobisala posewera angatsekeredwe m'kati.

Kumanga pa malo a eni

Banja lokhala m'nyumba ya m'komboni popanda pepala lililonse liyenera kuganiza kawiri lisanagule simenti, pakuti chomangidwa ndi simenti sichinyamulika tsiku losamuka. Kwa banja lotere, chipupa cha miyala yongosanja n'choyenera chifukwa chimadya mphamvu osati ndalama. Kutsogolo kwake kungaikidwe benchi ya matabwa kapena ya mitengo ya bulugamu yoikidwa pa miyala yafulati, ndipo kunsi kwake kungalowetsedwe mgolo wa pulasitiki wokhala ndi chivundikiro, bokosi lachitsulo kapena zigubu zodula, zoikidwa pa njerwa. Mgolo umene munali mankhwala a m'munda usagwiritsidwe ntchito. Lamulo ndi lomwe lija: chosungiramo chisakhudze dothi, chisakhale pansi penipeni, ndipo mphepo izichizungulira. Ndi nzeru kukambirana ndi mwini malo ntchito isanayambe, pamaso pa mboni, kuti chipupa chisadzabutse mkangano.

Ogwira ntchito za chitukuko angapeze phindu lalikulu pomanga mabenchi otere pamalo a anthu onse: pamjigo, pasukulu ya mkaka, pa dimba la gulu, kapena pansi pa mtengo pamene amayi amachitira sikelo ndi magulu osungitsa ndalama, amene kuno amawatcha mukando. Pamalo oterowa zipangizo za gulu zimasowa pokhala, ndipo zikamasungidwa kunyumba ya munthu mmodzi sipachedwa kubuka manong'onong'o. Gulu ligwirizane msanga za wosunga kiyi, buku lolembamo zobwerekedwa, ndi wosesa ngalande. Amayi ndi achikulire afunsidwe maganizo pa kamangidwe, chifukwa ambiri amakonda kukhala pamphasa atatambalala, ndipo sitepe yotsika yotambalala ingawathandize kuposa benchi yaitali. Amisiri si osowa m'bomali: muli anthu amene anamanga mabani a fodya ndi nyumba za kumigodi, komanso sukulu ya ntchito zamanja ya Ponesai Vanhu ya bungwe la DAPP Zimbabwe.

Nthawi yake

Miyezi yabwino yomanga ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, zokolola zitalowa, dothi litauma, ndipo dzuwa lisanayambe kuumitsa simenti mofulumira. Amene angathe kudikira amange chipupa chaka chino, achione mmene chichitire ndi dzinja limodzi, kabati n'kudzamanga chaka chamawa atadziwa kumene madzi amatulukira. Chilala cha mu 2023 ndi 2024 chisapusitse munthu, pakuti chipupa chimene sichinakumane ndi mvula yamphamvu sichinayesedwe.

Mu Okutobala, mvula yoyamba isanagwe, ngalande zikumbidwenso ndipo timapaipi titokosedwe ndi waya. Mvula yaikulu ikagwa, mwini ayendere chipupa. Timapaipi tikamatulutsa madzi ndiye kuti zinthu zili bwino. Tikakhala touma pamene dothi la kumtunda lili chinyowere, ndiye kuti tatsekeka. Mng'alu umene ukukula, mimba yotuluka pakati pa chipupa, kapena mpata wa kuseri kwa kabati ukayamba kuchepa, ndi chizindikiro chakuti chipupa chikusuntha. Zikatero anthu aleke kukhalapo, katundu atulutsidwe, ndipo mmisiri aitanidwe. Pofuna kudziwa ngati kabati ndi youma, muikidwe bokosi la machesi kwa sabata imodzi mu Januwale. Machesiwo akakana kuyaka, ziboo za mphepo zikulitsidwe, ndipo zitseko zizitsegulidwa tsiku lililonse limene dzuwa lawala.